Mwano ndi mikangano pasaiti: zimene amisiri ndi omangitsa amafunsa

Pamalo omangapo nyumba pamakumana anthu amene sanasankhane. Womanga, kalipentala, pulambala, wa magetsi, wowotcherera, woyala matailosi ndi wopenta, aliyense amabwera ndi anyamata ake, mtengo wake ndi tsiku lake lofuna kumaliza, koma onsewo ntchito yawo ili pakhoma limodzi. Kaya ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Machinjiri kapena yosanja ku City Centre ku Lilongwe, mawu oipa sachedwa kutuluka, ndipo akatuluka amadya nthawi, simenti ndi ndalama.

N'chifukwa chiyani amisiri amakangana chonchi pasaiti?

Ambiri amati ndi khalidwe: uyu ndi wamwano, uyo ndi wa mtima wapachala. Otero alipo ndithu. Koma mukaitsata bwino mikangano yambiri, mupeza kuti inayambira pa kutsatizana kwa ntchito, pa ndalama, kapena pa kusadziwika kwa amene akulamula. Mapaipi a madzi oipa ayenera kulowa pansi konkire asanathiridwe. Mapaipi odutsamo mawaya a magetsi ayenera kulowa m'khoma pulasitala asanamatidwe. Kalipentala sangakweze mitengo ya denga bimu isanalimbe. Wina akachedwa, onse omutsatira amaima, ndipo wina akadumpha mnzake, wodumphidwayo amadzagumula. Onjezanipo kuti amisiri ambiri salipidwa patsiku koma pa gawo limene amaliza: maziko, kufika pawindo, kufika palintala, denga. Womanga amene wakhala masiku atatu akudikira pulambala sanapeze kalikonse m'masiku amenewo, pomwe anyamata ake akufuna ya nsima ndi ya basi. Pulambalayo akafika n'kulandiridwa ndi ukali, ukaliwo ndi wa masiku atatu aja. Mukangoyanjanitsa anthu awiriwo osakonza chimene chinachedwetsa pulambala, mkangano womwewo udzabweranso sabata yamawa, mwina pakati pa anthu ena.

Koma kutukwana si chinenero cha pasaiti? Nyumba ingamangike popanda kukuwa?

Kukuwa ndi kutukwana n'zosiyana. Pasaiti pamakhala phokoso la makina osakanizira konkire ndi odulira zitsulo, ndipo munthu akaona njerwa ikugwa kuchokera pamwamba alibe nthawi yoyamba ndi "pepani achimwene". Amangoti "Choka apo!" ndipo palibe wanzeru amene angakwiye nazo. Nthabwala za anthu ozolowerana nazonso zimapepukitsa ntchito padzuwa. Mwano umayamba pamene mawu asiya ntchito n'kulunjika pa munthu: mayi ake, mtundu wake, kwawo, kusapita kwake kusukulu, chilema chake. "Khoma ili lapendama, tabwerani ndi levulo" ndi mawu a ntchito. "Inu munaphunzira kuti kumanga?" ndi chipongwe, ngakhale khomalo litapendamadi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa mwano wa pasaiti si kupsetsana mtima kokha. Dakaboyi amene watukwanidwa kawiri amaphunzira kutseka pakamwa. Tsiku limene adzaone thabwa lothyoka pamalo okwererapo, kapena waya wamagetsi uli m'madzi, sadzanena, poopa kumva kuti "ukudziwa chiyani iwe". Anthu amavulala motero.

Mmisiri mnzanga wandilalatira pamaso pa anyamata anga. Ndichite chiyani pomwepo?

Ngati muli pamwamba, tsikani kaye. Ngati muli ndi hamala, fosholo kapena chitsulo m'manja, ikani pansi. Pasaiti chida chovulaza chimakhala pafupi nthawi zonse, ndipo ndewu ya pamalo otere sichedwa kufika kuchipatala. Mukatero musayankhe pagulu. Munthu amene anyamata ake akumuyang'ana savomera kulakwa, ngakhale akudziwa kuti walakwa, ndipo inunso simungavomere. Muitaneni pambali: "Amisiri, tabwerani tikambirane kuseri kuno." Kumutchula ndi ulemu wa udindo wake kumamutsitsa mtima kuposa kumuuza kuti atsitse mtima. Nenani chimene chachitika, osati chimene iye ali: "Mwadula khoma limene ndinamata dzulo. Tipange bwanji?" Za mawu oipawo muzinene kamodzi, momveka: "Za ntchito tikambirana, koma zotukwanazo ayi." Akapitiriza, chokanipo mukaitane fomani. Kuchoka si mantha. Anyamata anu muwauziretu kuti asalowerere, chifukwa mkangano wa anthu awiri umatha madzulo, koma wa magulu awiri umatha nyumba ikatha.

Wina waononga ntchito imene ndinamaliza kale. Alipire ndani?

Musanakonze kalikonse, jambulani ndi foni n'kuitana fomani kapena mwini nyumba adzaone. Mukakonza kaye kenako n'kumafuna malipiro, umboni mwaumata nokha ndi pulasitala. Funso loti alipire ndani limayankhidwa ndi funso lina: ndani anachititsa kuti ntchito idumphane? Ngati mwini nyumba anauza womanga kuti amate makoma pomwe wa magetsi anali asanaitanidwe, kudula makomako si mlandu wa wa magetsi, ndipo ndalama yomatanso ichoke m'thumba la mwini nyumba. Ngati wa magetsi anapatsidwa tsiku koma sanabwere, mtolo ndi wake. Ngati wadula mosasamala, moposa pamene paipi ikudutsa, ndi wakenso. Pali malo amodzi pamene sipafunika kukambirana: bimu, chipilala ndi silabu ya pamwamba sizigobedwa kapena kubooledwa popanda chilolezo cha injiniya, chifukwa ndizo zanyamula nyumba. Womanga amene wakalipira pulambala pomupeza akudula chitsulo cha m'bimu walakwitsa kanenedwe mwina, koma mfundo yake ndi yoona.

Njira yopewera zambiri mwa izi ndi kulandirana ntchito. Kalipentala asanayambe denga ayeze makoma, aone ngati ali mulingo umodzi ndiponso ngati ngodya zake zili bwino. Woyala matailosi ayendetse levulo pansi ponse asanatsegule bokosi loyamba. Akapeza cholakwika anene tsiku lomwelo, womanga ali pomwepo. Amene wayala zipinda ziwiri kenako n'kumati pansi panali pokwera ndi potsika adzavutika kuti anthu amumvere, poti anayamba yekha osadandaula. Ndipo kubwezera, monga kuthira daka m'mapaipi a pulambala amene wakukwiyitsani, kumalanga mwini nyumba amene sanakulakwireni, komanso ndi mlandu wa kuononga katundu mwadala.

Kodi kwenikweni amene amalamula pasaiti ndani?

Pa ntchito zikuluzikulu yankho lili m'pangano. Mwini ntchito amalemba kontilakitala wamkulu, ndipo malowo amakhala m'manja mwa kontilakitalayo mpaka tsiku lopereka makiyi. Makampani ang'onoang'ono amene wawagawira ntchito, monga a magetsi kapena a denga, amayankha kwa iye, osati kwa wina ndi mnzake. Injiniya kapena wojambula pulani amene akuimira mwini ntchito amapereka malangizo ake kwa kontilakitala wamkuluyo, ndipo malangizo osintha ntchito amayenera kulembedwa. Choncho wa magetsi alibe mphamvu yotuma anyamata a womanga, ndipo womanga alibe mphamvu yothamangitsa kalipentala. Mukafuna kanthu ku gulu la mnzanu, pitani kwa mkulu wa gululo. Kudzudzula mnyamata wa mmisiri wina iye ali pomwepo n'kunyoza mmisiriyo, ndipo amazimva choncho. Chosiyana ndi pa ngozi pokha: aliyense, ngakhale waganyu amene wayamba lero, akhoza kukuwa kuti ntchito iime akaona kuti moyo wa munthu uli pachiswe. Fomani wabwino amasonkhanitsa akuluakulu a magulu onse m'mawa kwa mphindi khumi, kugawana kuti lero ndani ali chipinda chiti, ndani ayamba kutunga madzi, ndani akufuna makwerero nthawi yanji, n'kulemba zimenezo m'buku la pasaiti. Mikangano yambiri imafera pamsonkhano waung'ono umenewu isanabadwe.

Ndikumangitsa nyumba yanga, ndipo amisiri anga awiri sakulankhulana. Ndilowerere?

Ngati munawalemba aliyense payekha, mulibe kothawira: kontilakitala wamkulu ndi inuyo, kaya mukufuna kaya ayi. Cholakwika chimene eni nyumba ambiri amachita ndi kumva aliyense kumbali, kenako n'kutenga mawu a uyu kupita nawo kwa uyo. "Apulambala akuti inu simutha kuwerenga pulani." Mwina mukuganiza kuti mukufufuza zoona, koma mwakoleza moto umene simungauzimitse. Aitaneni onse awiri, muime nawo pakhoma kapena papaipi imene yabweretsa nkhaniyo, pulani ili m'manja, ndipo aliyense alankhule mnzake akumva. Musaweruze za umisiri umene simuudziwa. Ngati akutsutsana pa kuya kwa maziko kapena kutsetsereka kwa paipi, lipirani injiniya kapena mmisiri wachikulire amene onse awiri amamulemekeza kuti adzaone. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ndalama ya tsiku limodzi imene mungamupatse ndi yochepa poyerekeza ndi kugumula.

Amene akumangitsa ali ku Joni kapena ku UK amakhala ndi vuto lapadera. Amatumiza ndalama kwa mchimwene, malangizo kwa mkazi, ndipo amalume nawonso amadutsa Loweruka n'kunena kuti windo lisunthe. Amisiri amalandira malamulo atatu osagwirizana, aliyense n'kutsata limene lamukomera, kenako n'kumatukwanizana okhaokha. Sankhani munthu mmodzi wolankhula m'malo mwanu, mumutchule kwa onse, ndipo chilichonse chosintha chilembedwe pagulu limodzi la WhatsApp pamene amisiri onse akuwerenga.

Nanga za kubwerekana zida ndi kusowa kwa simenti?

Chida cha mmisiri ndi chakudya cha ana ake, choncho sichitengedwa mwini wake asanavomere, ngakhale kwa mphindi zisanu. Wilibala, makwerero ndi migolo ya madzi zikakhala za onse, fomani agawe nthawi. Za simenti n'zoopsa kwambiri, chifukwa kunena munthu kuti ndi wakuba ndi chipongwe chimene sichiiwalika. Musatchule dzina la munthu popanda umboni. Kiyi wa sitolo akhale ndi munthu mmodzi, thumba lililonse lotuluka lilembedwe ndi dzina la wolitenga, ndipo matumba opanda kanthu awerengedwe madzulo. Buku limeneli limateteza woona mtima kuposa mmene limagwirira wakuba.

Kulemba pangano si kusonyeza kuti sitikukhulupirirana?

Ayi. Anthu awiri oona mtima akhoza kukumbukira mosiyana zimene anagwirizana miyezi inayi yapitayo. Womanga akukumbukira kuti mtengo unali wa makoma okha, mwini nyumba akukumbukira kuti unaphatikizapo sitepe ndi khonde, ndipo palibe akunama. Pepala limodzi la m'kope likwana: ntchito yake ndi iti ndipo ikuthera pati, mtengo, magawo a malipiro, wogula zipangizo, wotseka mabowo amene wa magetsi ndi pulambala asiya, wochotsa zinyalala, ndi ndalama yotsalira imene idzaperekedwe ntchito ikaonedwa kuti ili bwino. Mzere wa wotseka mabowo anthu amauseka, komatu ndi pamene amisiri amayambanira kwambiri. Onse asaine, pakhale mboni, aliyense ajambule pepalalo ndi foni yake.

Kontilakitala wamkulu sakundilipira, akuti bwana sanamupatse. Ndingazule zitseko zimene ndinaika?

Musatero. Ambiri amakhulupirira kuti chimene anaika ndi manja awo chikadali chawo mpaka alipidwe, koma chitseko, windo kapena paipi ikakhomeredwa kunyumba imakhala gawo la nyumbayo. Mukaizula kapena kuiphwanya, munthu amene munali kumufuna ngongole amasanduka wodandaula kupolisi, inu n'kukhala woyankha mlandu. Chimodzimodzi kulanda zida za gulu lina kapena kutseka geti kuti ena asagwire ntchito. Chimene mungachite ndi kulemba kalata kapena uthenga wonena ndalama imene yatsala, gawo la ntchito limene munamaliza, ndi tsiku limene mudzaimitse ntchito ngati simulipidwa. Onani kaye zimene pangano lanu likunena pa kuimitsa ntchito, kuti musakhale inu wophwanya pangano. Mawu akuti "ndikulipirani bwana akandipatsa" amagwira pokhapokha ngati munagwirizana choncho poyamba. Sungani mauthenga onse a Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ndi amene adzasonyeze zimene munalandira ndi zimene simunalandire. Ndipo musachitire anyamata anu zimene akukuchitirani: amene munawalemba ndi inu, ndipo malipiro awo ali pamutu panu, kaya kumwamba ndalama yatuluka kapena ayi.

Mwano ukafika pa kuopseza, ndewu kapena kuvutitsa amayi ogwira ntchito pasaiti, nkhani imakhalabe ya fomani?

Apa yapyola fomani. Kumenya munthu ndi kuopseza kumuvulaza ndi milandu ya kupolisi, ndipo malamulo a milandu m'Malawi amaletsanso mawu otukwana amene angadzetse chisokonezo. Wovulala apite kuchipatala ndipo asunge mapepala ake. Woyang'anira saiti asiyanitse magulu awiriwo tsiku lomwelo, asadikire kuti "zizizira zokha". Lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito limaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ogwirirapo ntchito ndi otetezeka, ndipo malo amene anthu akulozana ndi mafosholo si otetezeka.

Za amayi ziyenera kunenedwa mosapsatira. Pamasaiti ambiri amayi ndi amene amatunga madzi, kusenza mchenga ndi kuphika, ndipo masiku ano alipo amisiri achizimayi ophunzitsidwa kudzera ku TEVETA amene akumanga, kuwotcherera ndi kulumikiza magetsi. Kuwaimbira mluzu, kunena za matupi awo, kuwagwiragwira, kapena kuwauza kuti ganyu yamawa idalira "kumvana" ndi kapitawo, si nthabwala za pasaiti. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika pa chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Mayi amene wachitiridwa zotere sayenera kukakamizidwa kuti "mungokhululukirana" kuti ntchito iyende. Amuna amene amaona izi n'kukhala chete akuthandiza wochitayo.

Kodi wantchito wamwano ndingamuchotse nthawi yomweyo? Nanga kumudula malipiro?

Lamulo la Employment Act la 2000 limalola kuchotsa munthu popanda notisi pa zolakwa zazikulu, koma limanenanso kuti munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mwayi wonena mbali yake. Kumuuza mokwiya kuti "nyamula zako usadzabwerenso" kukhoza kukubwererani ngati mlandu wochotsa munthu mosatsata chilungamo, ngakhale iye anatukwanadi. Muuzeni chimene akumuneneza, mumumve pali mboni, lembani zimene zakambidwa, ndipo ngati achoka mumulipire masiku amene anagwira. Pa cholakwa choyamba chosaopsa, chenjezo lolemba limakwana. Kumulipiritsa chindapusa podula malipiro ake chifukwa cha mwano n'kosaloledwa. Dziwaninso kuti mungachotse wantchito wanu yekha. Ngati wamwanoyo ndi wa kampani ina, dandaulo lipite kwa bwana wake kapena kwa kontilakitala wamkulu, amene angalamule kuti munthuyo asalowenso pasaitipo.

Tikalephera kugwirizana, nkhaniyi tipite nayo kuti?

Zimadalira ubale wa okanganawo. Ngati ndi wantchito ndi womulemba, monga pa malipiro kapena kuchotsedwa, poyambira ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kumene amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito limene limagwira ntchito motsatira lamulo la Labour Relations Act la 1996. Ngati ndi amisiri awiri odziimira paokha, kapena kontilakitala ndi mwini nyumba, imeneyo ndi nkhani ya pangano ndi ngongole: yaing'ono imapita kukhoti la majisitireti, yaikulu ku High Court, yomwe ili ndi nthambi yoona za malonda. Bungwe limene ambiri amalidziwa ndi dzina lake lakale la NCIC, lomwe linayamba ndi lamulo la 1996, ndilo limalembetsa makontilakitala m'dziko muno ndipo limalandira madandaulo okhudza kachitidwe kawo. N'chifukwa chake kufunsa satifiketi ya kontilakitala musanamupatse ntchito kuli ndi phindu: wolembetsedwa ali ndi choti ataye.

Pa ntchito zazikulu monga misewu, milatho ndi zipatala, mapangano ambiri amatsata ndondomeko za FIDIC, bungwe la padziko lonse la mainjiniya alangizi, ndipo njira yothetsera mkangano imakhala yolembedweratu: kuyambira kwa injiniya woyang'anira, kupita kwa akatswiri osankhidwa kuti agamule msanga ntchito ikupitirira, kenako kwa oweruza apadera kunja kwa khoti. Mapangano amenewa ali ndi malire a nthawi. Kontilakitala amene wachedwetsedwa ndipo akufuna kuwonjezeredwa masiku kapena ndalama ayenera kupereka chidziwitso cholemba pasanathe masiku 28 chidziwire vutolo. Akangodandaula pakamwa, kapena kukalipa pamsonkhano osalemba kalata, masiku 28 akakwana ufulu wake wofuna zimenezo ukhoza kutha, ngakhale aliyense pasaitipo akudziwa kuti wolakwa sanali iye.